Limba la M'chitini cha Mabisiketi

"Bambo a Duwa, mabowo awa waboola ndani?"

A Molly anali ataima pakhomo la kachipinda ka kuseri, atakweza m'mwamba chivindikiro cha chitini chawo cha mabisiketi, moti dzuwa linkadutsa m'mabowomo n'kuwagwera pankhope ngati nthomba. Amuna awo, a Benson, anali atawerama patebulo ndi chitsulo chowotcherera mawaya, kautsi kakukwera. Sanatembenuke msanga. Munthu amene wakhalitsa m'banja amadziwa kuti pali mafunso ena amene wofunsayo amabwera ndi yankho lake kale.

"Ndi timabowo tating'ono, mayi."

"Sindinafunse msinkhu wake."

A Benson anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni ku Lirangwe. Anzawo ena akaweruka ankaweta nkhunda, ena ankakhalira bawo pansi pa mtengo. Iwo ankapanga zopondera. Chopondera ndi kabokosi kamene kamakhala pansi, pakati pa gitala yamagetsi ndi chimkuzamawu, ndipo woimba akakaponda ndi phazi, mawu a gitala amasintha. Zam'kati mwake ankazitola m'mawailesi akufa kwa okonza mawailesi a ku Chileka ndi ku Mdeka, ndipo mabokosi ake anali zitini za nsomba, za polishi, za mkaka. Zonse zinali ndi maina, ndipo wopereka maina anali a Molly. Chimene chinkaliza gitala mokalipa anachitcha Mavu. Chonjenjemeretsa mawu chinali Malungo. Chachitatu chinali Wamiseche, chifukwa chinkabwereza chilichonse chimene chamva.

Koma chatsopanochi chinali chachikulu, ndipo m'nyumba monse munalibe chitini china chochikwana.

"Chitini ichi anandipatsa amayi a Mvano pa ukwati wanga," anatero a Molly. "Mawa ndi ine wopereka tiyi ku bwalo la akulu a mpingo. Mandasi a Abusa ndikaike m'chiyani? M'chipewa chanu?"

"Mukhoza kubwereka kwa a neba."

"Ndibwereke, changa chili pompano chikulira gitala? Bwanji simunatenge kontena yobiriwira ija? Kukula kwake n'chimodzimodzi, ndipo palibe amene akanailira."

A Benson anaika chitsulo pansi, n'kuyamba kufotokoza ndi mawu awo a m'kalasi.

"Mayi, mumlengalengamu mukuyenda mawu a mawailesi, usana ndi usiku, kungoti sitiwaona. Chopondera ichi chili ndi makutu akuthwa kwambiri. Chikakhala m'chitsulo, chitsulocho chimatchinga mawuwo. Pulasitiki ndi nyumba yopanda chitseko."

"Ine makontena apulasitiki ndakhala nawo zaka zonsezi," anatero a Molly. "Sindinamvepo ina ikuwerenga nkhani."

Anaika chivindikirocho patebulo mwaulemu woopsa, n'kutuluka. Ali pakhonde anawonjeza kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma iwo sanauzidwe kuti mpheziyo idzafika mpaka m'kabati.

A Benson anapuma mozama, n'kupitiriza kumangirira timabatani m'mabowo muja. Panali chinthu chimodzi chimene sanawauze akazi awo, ndipo akanawauza mwina nkhani ino sikanakhalapo.

Mwana wawo Duwa anali kukwatiwa mwezi wotsatira. Agogo ake a Duwa, malemu a Isaki, bambo awo a Molly, ndiwo ankaimba limba pa mpingo wawo kwa zaka zambiri, limba lija lopopa ndi mapazi limene linabwera kalekale pa ngolo kuchokera ku mishoni. Mwini wake atagona, makoswe analowamo n'kudya zikumba zake zonse, ndipo tsopano linkangokhala pakona, poikapo maluwa. Tsiku lina Duwa akutsuka mbale anangoti, "Adadi, ndikanakonda kulowa m'tchalitchi ndi mawu a limba la agogo." Ananena ngati munthu wolakalaka mvula mu Okutobala, osayembekezera kanthu. Koma mawuwo anagwera pa nthaka yabwino. Kuyambira tsiku limenelo a Benson anakhala akusakasaka njira yoti gitala ilire motalika, mopuma, ngati limba. Ankayesa motsitsa, a Molly akapita kumsika kapena ku Mvano, poopa kuwalonjeza mawu a limba la bambo awo kenako n'kuwabweretsera Mavu wina.

Chotsala chinali chilolezo. Gitala yamagetsi inali isanalowepo m'tchalitchi mwawo, ndipo bwalo la akulu linagamula kuti liimve kaye Loweruka masana. Likakana, Duwa akanalowa ndi kiyibodi ya achinyamata, ija yoyamba ndi ng'oma zake zokha woimba asanakonzeke.

Amene a Benson ankawaopa anali mlembi wa mpingo, a Mailosi. Anali munthu wowongoka ngati mlongoti, wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ambulera yakuda sinkachoka m'manja mwawo. Ankati gitala zamagetsi kwawo n'kumabala. Mpira ankautcha fano lachikopa. Ndipo ndi iwo amene anaika msonkhano Loweruka limenelo masana, tsiku limene matimu a mpira, ofiira ndi abuluu, ankakumana mu mzinda, kuti aone amene amakonda nyumba ya Mulungu koposa bwalo la zamasewera.

Loweruka m'mawa, a Molly ali kumsika, a Benson anayesa chopondera komaliza, chili m'chitini chake, ndipo chinalira bwino moti anavula chipewa n'kuyamika. Kenako anapita pamsika kukameta, pakuti munthu saonekera pamaso pa akulu tsitsi lili ngati tchire. Pobwera anapeza a Molly atapita kale kutchalitchi kukawiritsa tiyi. Koma taonani chikondi cha mkazi! Chopondera chinali chitakulungidwa bwinobwino m'chitenje, chitamangidwa kale pa keliyala ya njinga pamodzi ndi chimkuzamawu.

"Mkazi wabwino ndi mphatso," anatero a Benson okhaokha, akukoleka gitala kumsana. Njira yonse anapalasa akuimba mluzu.

Akulu anakhala pa mabenchi akutsogolo, nkhope zili zolemera. Pakhomo panali dengu la chopereka, ndipo a Mailosi anaonetsetsa kuti aliyense waikamo foni yake yozimitsa, kuyambira Abusa. Nkhani za denga lodontha ndi za mbuzi zolowa kumanda zinatenga nthawi yaitali. A Fikirini, mkulu wa mpingo wakudera la kumtsinje, ankangoyang'ana dengulo ngati mwana woyang'ana mphika.

"Tsopano nkhani ya aphunzitsi ndi chida chawo," anatero a Mailosi pomaliza. "Aphunzitsi, chikomekome cha mkuyu tikuchidziwa. Tiyeni tione m'kati."

A Benson anagwada n'kumasula chitenje. Mluzu wonse unathera pomwepo.

Chivindikiro chinali chomwecho, maluwa ake ofiira, timabatani take tonse. Koma pansi pake panali kontena yobiriwira. A Molly anali atasamutsa katundu yense mosamala, waya ngakhale mmodzi osaduka, atayalamo kansalu koyera kuti tizitsulo tisagone pouma, n'kumanga zonse ndi mphira wa chubu cha njinga. Inali ntchito yaukhondo, ya munthu wachikumbumtima.

"Pali vuto, aphunzitsi?" anafunsa Abusa, munthu wamtima wabwino amene ankafuna kuti zinthu zithe mwamtendere ndiponso msanga.

"Ayi, Abusa."

Mumtima anapemphera pemphero lalifupi la munthu womira. Analumikiza mawaya, anakweza mawu, anagwira nyimbo ndi zala, n'kuponda.

Poyamba kunamveka ngati nsomba zikukazingidwa. Kenako m'nyumba ya Mulungu munabuka mawu a munthu wothamanga ndi pakamwa.

"...wautenga mwana uyu, wathamanga nawo, wadutsa mmodzi, wadutsa awiri, walowa m'bokosi, amugwetsa! Amugwetsa! Oimbira akuloza pakadontho! Penate, abale anga, penate!"

A Fikirini anayang'ana kudenga, kenako kwa a Benson, kenako kudenga. Mayi wina wamkulu anagwira pamtima n'kuti, "Yesu wanga!"

A Mailosi anaimirira, ambulera ili m'manja.

"Zimitsani! Zimitsani msanga chinthu chimene..."

"...abuluu akutsogola ndi chigoli chimodzi, nthawi yatha, ndipo penate iyi ndi ya ofiira! Akamwetsa, chikho chikhoza kutembenuka!"

A Benson anakweza phazi kuti aponde, azimitse manyazi awo. Koma phazilo silinafike. Nsonga ya ambulera yakuda inali italitchinga.

"Tadikirani pang'ono, aphunzitsi," anatero a Mailosi ndi mawu otsika. "Bwalo siligamula mlandu lisanamve umboni wonse."

Palibe anatsutsa. Akulu onse anasendera kutsogolo, kuti amve bwino umboniwo.

Koma mawu aja anayamba kuzilala, n'kubwerera ku nsomba zokazinga. A Benson, chifukwa cha mantha, anatembenuka kuti aone mawaya, ndipo gitala italoza kuzenera la kum'mawa mawu anabwerera. Atatsitsa manja, mawuwo anathawanso.

"Kwezani, aphunzitsi," anatero Abusa. "Kwezani ndithu. Kuzenera uko."

A Benson anakweza gitala pamwamba pa mutu. Gitala yamagetsi ndi yolemera, ndipo woponya penate uja sankafulumira. Ankakonza mpira, ankakonza sokosi, ankakangana ndi oimbira. Manja a mphunzitsi anayamba kugwa, ndipo mawu ankagwa nawo limodzi. Apo a Fikirini anadzuka n'kugwira chigongono cha kumanja, mkulu wina n'kugwira cha kumanzere. Anaima choncho atatuwo kutsogolo kwa guwa, ngati mneneri uja anamugwiriziza manja paphiri nkhondo ili m'chigwa.

"...wabwerera m'mbuyo, wayang'ana goloboyi, goloboyi wamuyang'ana..."

M'tchalitchi munali zii, moti aliyense anamva kunong'ona kwa a Mailosi, maso ali chotseka.

"Gwera kumanzere, mwana iwe. Ameneyu amaponya kumanzere nthawi zonse. Chaka chatha anakupusitsa, lero usalole. Kumanzere!"

"...wathamanga, waponya, wagwiraaa! Goloboyi wagwira! Wagwera kumanzere ngati anachita kuuzidwa!"

"Wagwiraaa!" anakuwa a Mailosi.

Mlembi wa mpingo, munthu amene sanathamangepo ngakhale pothawa mvula, analumpha. Ambulera inatseguka yokha m'mwamba, phaa! Anazungulira nayo kamodzi pakati pa mabenchi, jekete ikuuluka. Kumbali inayo Abusa anali atagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Ambuye, penate yonseyo! Ngakhale ine ndikanamwetsa!"

Wezulo yomaliza inalira, kenako kunabwera mayi wina wotsatsa sopo wochapira. A Benson anaponda, ndipo kunakhala bata.

Linali bata lolemera. A Mailosi anatseka ambulera pang'onopang'ono. Abusa anayamba kufufuza china chake m'buku la nyimbo. A Fikirini anasiya chigongono cha mphunzitsi n'kuchipukuta pang'ono, ngati anachipeza ndi fumbi. Aliyense anali ndi mlandu, choncho panalibe wotola mwala.

Pakhomo panali pataima a Molly, mu yunifolomu yawo yoyera ya Mvano, atanyamula chitini chopanda chivindikiro, chodzaza mandasi, chovindikira ndi kansalu koluka. Anali ataona zonse, kuyambira pa zigongono.

Woyamba kupeza mawu anali a Mailosi, ndipo munthu wochita manyazi amaluma kuposa wokwiya.

"Abale, mwadzionera nokha. Chida ichi chatenga bwalo la mpira n'kulilowetsa m'malo opatulika, mpaka kugwetsa olungama m'mayesero. Ukwati wa mwana wathu Duwa ulinso Loweruka. Kodi tikufuna kuti Abusa pofunsa kuti ukumulola mwamuna uyu, ayankhe ndi woulutsa mpira? Ine ndikuti gitala iyi ibwerere kumene yachokera."

Mitu ingapo inagwedezeka movomereza. A Benson anayang'ana kukhomo la tchalitchi. M'maganizo mwawo anaona Duwa akulowa ndi ng'oma za kiyibodi, akumwetulira kuti bambo ake asadandaule.

"Abusa, a mlembi, ndi akuluakulu nonse," anatero, mawu akunjenjemera ngati adutsa mwa Malungo. "Chimene mwamvachi si chida changa. Ndi chida changa chitavala malaya a eni. Ndikupempha mwayi umodzi wokha. Koma mwayiwo suli m'manja mwanu. Uli m'manja mwa amayi aima pakhomowo."

Onse anatembenuka. A Molly anayang'ana kontena yobiriwira ili pansi, anayang'ana chitini chili m'manja mwawo. Kupereka mandasi kwa Abusa m'pulasitiki, pamaso pa bwalo lonse, chinali chinthu chimene amayi a Mvano akanachikamba mpaka Khirisimasi. Komanso anali atamva ndi makutu awo kontena yawo ikuulutsa mpira.

"Safunsa anadya phula," anatero akuyenda kubwera kutsogolo. "Koma phula la lero tadya awiri, bambo a Duwa. Inu simunapemphe, ine sindinamvere. Masulani mphirawo."

A Benson anamasula. A Molly anakhuthulira mandasi onse m'kontena yobiriwira, anapukuta mafuta m'chitini ndi kansalu koluka kaja, n'kuchipereka ndi manja awiri. Chivindikiro chinakhala pamalo pake, kwapu.

A Benson anaponda. Kunalibe nsomba, kunalibe sopo. Anatseka maso n'kuyamba nyimbo imene malemu a Isaki ankalowetsera akwati onse a mumpingomo.

Mawu anatuluka pang'onopang'ono, ngati munthu wodzuka m'tulo. Sanadumphe ngati a gitala. Anakwera, anatambasuka, anadzaza mpaka m'malata, ndipo pansi pake panali kakunjenjemera kaja ka limba lokalamba, kokhala ngati chifuwa cha nkhalamba ikupuma pakati pa mizere. A Fikirini anatembenukira kukona kumene kunali limba lakufa lija ndi maluwa ake, kuti atsimikize.

A Molly anakhala pa benchi osayang'ana pokhala, kontena ya mandasi ili pamiyendo.

"Ababa," anatero motsitsa. 

Pofika ndime yachiwiri, panamveka besi yokhuthala ikutsatira pansipansi. Anali a Mailosi. Iwonso pa ukwati wawo analowa m'tchalitchi momwemo ndi nyimbo yomweyo, atagwira dzanja la mkazi amene tsopano anagona kuseri kwa mpanda wa manda, kumene mbuzi zinkalowa. Anaimba ndime yonse osaona m'buku, kenako anatulutsa kampango n'kunena kuti fumbi la chaka chino ndi loipa m'maso.

Nyimbo itatha, Abusa anatsokomola.

"A mlembi, bwalo lamva umboni wonse tsopano?"

A Mailosi anakhala pansi, anatsegula buku lawo, n'kulankhula akulemba.

"Bwalo lalola gitala ya aphunzitsi pa ukwati wa Duwa. Koma ibwere itavala chitini. Ikadzabwera ndi pulasitiki, ibwezedwe pachipata." Anaima pang'ono, cholembera chili m'mwamba. "Zina zimene zachitika muno sizinali pa ndondomeko ya msonkhano, choncho sizilembedwa."

"Ndipo ndikuganiza kuti misonkhano ya Loweruka izikhala m'mawa," anatero Abusa. "Mutu umakhala wopepuka."

Mfundo imeneyo inadutsa popanda wotsutsa. Anapemphera, ndipo mandasi anadyedwa m'kontena yobiriwira mpaka kutsala mafuta okha. Palibe anafunsa kuti abwera m'chiyani.

Potuluka, a Benson ankakankha njinga, a Molly ali pambali pawo atanyamula okha chitini chija pachifuwa, osalola kuti chikwere keliyala.

"Mukanandiuza, bambo a Duwa."

"Ndinkaopa kuti chikana kulira, ndikukhumudwitsani."

"Ndiye munasankha kundikhumudwitsa ndi mabowo?" Anayenda pang'ono. "Chitinichi ndakupatsani. Koma dzina ndipereka ndine, monga mwa nthawi zonse. Ichi ndi Isaki. Ndipo Duwa musamuuze. Akamve yekha ali pakhomo."

Asanafike pachipata anamva ambulera ikugogoda pansi kumbuyo kwawo. A Mailosi anayandikira, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Aphunzitsi, nkhani yapadera. Wailesi yanga ndinaipereka kwa adzukulu chaka chija ndinalalikira za fano lachikopa, ndipo kugula ina anthu angandione. Chobiriwira chija musachitaye. Mwina Loweruka lina ndingadzere kwanu, kudzayendera banja monga mkulu wa mpingo."

A Benson anatsegula pakamwa, koma a Molly anawatsogolera.

"A mlembi, kontena ndi yanga, ndipo m'nyumba mwathu zotengera sizitengedwanso popanda kupempha. Pempho lanu lifike kwa ine, ndikalikambirane ndi amayi a Mvano Lachinayi."

A Mailosi anaima, n'kufunsa monong'ona.

"Amayi onse?"

"Onse. Bwalo siligamula lisanamve umboni wonse."

Mlembi wa mpingo anatsegula ambulera yake, ngakhale kumwamba kunalibe kamtambo, n'kulowera njira ya kwawo atabisa nkhope. A Molly anakonza chitini pachifuwa, ndipo njira yonse yopita kunyumba ankaimba chapansipansi nyimbo ya bambo awo.